Mphemvu Imene Sinalowe M'khutu Mwanga

Ndikukumbukira bwinobwino, ngakhale adzukulu amati masiku ano ndimaiwala pamene ndaika chipewa chili kumutu, kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene akuluakulu atatu, aliyense ndi nzeru zake, anagwirizana zoti m'khutu mwanga mwalowa mphemvu. Palibe anaiona. Ngakhale kamwendo kake palibe anakaona. Koma anaizenga mlandu, anaiweruza, n'kuiphera m'khutu momwemo, ndipo chimene chinapsa pamoto umenewu ndi khutu langa lakumanzere. Mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi mtima umabwadamuka, ndiye mundilole ndiikambe mosathamanga, kuopa kudumpha wina woyenera kudzudzulidwa.

Tinkakhala ku Ndirande, m'nyumba zamdadada zija, khoma limodzi mabanja awiri, zoti mnzako akayetsemula uko iwe kuno n'kumuuza kuti pepani. Bambo ankagwira ntchito pa lole yonyamula katundu kupita kumpoto, ndipo akachoka tinkachita kuiwala nkhope yawo. Pakhomo ankalamula ndi mayi. Mayi angawo ndiwafotokoze bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pa iwo. Anali aukhondo wochititsa mantha. Pabwalo ankasesa mpaka dothi kudandaula. Mapoto ankawakwecha ndi mchenga wa mumtsinje wa Nasolo mpaka munthu kumetera ndevu poyang'ana pansi pa poto. Ukawauza kuti ndiwo zachepa mchere ankangoseka. Koma ungoyerekeza kunena kuti waona ntchentche m'nyumba mwawo, wayamba nkhondo yoti ikathera kwa akulu a mpingo.

Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala amake Tereza, mayi wa ku Nsanje wogulitsa nsomba zouma pamsika, korona m'khosi, pakamwa lezala. Wachitatu anali amalume a Waisoni, achimwene awo a mayi, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Amalume anali ndi chiphunzitso chimodzi chokha pa moyo wawo wonse: chilichonse cholira chikufuna oyilo. Tcheni, chitseko, wilibala, mwana wa mlongo wawo, zonse mankhwala ake amodzi.

Zinayamba ndi chimfine, chimfine wamba. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta phiri la Ndirande moti sumaliona n'komwe, ife tili pikitipikiti kumenya mpira wachikulunga m'mawawa opanda malaya. Mphuno zinatseka, mamina ali chuchuchu. Tsono mayi sankafuna kumva mwana akukoka mamina. Ankanditana, n'kundigwira mphuno zonse ziwiri ndi kansanza, mwamphamvu ngati akufinya ndimu.

"Mina! Mina ngati mwamuna, osati ngati mphaka!"

Ine kumina mpaka maso kutuluka. Tsiku lina ndikumina choncho, khutu lakumanzere linangoti thu, kutseka. Mukudziwa mmene zimakhalira ukamira pamadzi n'kuvuuka, dziko lonse likumveka ngati lili kutsidya? Zinali choncho, kungoti madzi ake osatuluka ngakhale udumphe ndi mwendo umodzi. Ndikayankhula, mawu anga ankamveka m'mutu mwanga momwe ngati ndalowetsa mutu mu mgolo. Ndikameza malovu, m'khutu munkati tchetchetche. Sizinkapweteka. Ndikanakhala chete mwina bwenzi lero ndikumva mbali zonse. Koma ine pakamwa sindinayambe lero.

"Amayi, m'khutu muno mukuyenda kanthu."

Mayi asanayankhe, yankho linachokera kuseri kwa khoma.

"Mphemvu imeneyo, amake Lasitoni! Mwana wa mlamu wanga inamulowa chimodzimodzi."

Mayi anaika pansi chikombe chimene ankapukuta, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva uthenga wamaliro. Anatuluka panja, amake Tereza nawonso anatuluka, n'kukumana pa chingwe choyanikira zovala.

"Mwati chiyani? Mphemvu m'nyumba mwa ine?"

"Ine sindinatchule nyumba, ndatchula khutu."

"Khutulo limagona kuti? Ngati ndi mphemvu, ndi yanu. Yachokera m'madengu mwanu mwa nsombamo, yadutsa pamng'alu wa khoma uwo. Ndakhala ndikukuuzani."

"Nkhabe, ndakana! Mphemvu zanga zimakhuta, sizipita kukapempha m'makutu mwa ana a eni."

Taonani mmene mayi anagonjera osadziwa. M'malo mokana kuti mphemvu mulibe, anayamba kulimbana za kwawo kwa mphemvuyo. Kuyambira pamenepo panalibenso wofunsa ngati ilimo. Nkhani inali yoti ndi ya yani. Mdadada wonse unagawikana, ena mbali ya mayi, ena mbali ya nsomba, ndipo ine mwini khutu ndinangokhala ngati munda umene anthu akukanganirana malire.

Akukangana choncho, khutu linayamba ntchito yake. Poyamba kunali kulemera chabe. Kenako kunabwera kugunda, gu, gu, gu, motsatana ndi mtima, ngati amalume alowetsa pampu m'mutu mwanga ndipo aiwala kuleka kupopa. Thupi linatentha. Kutafuna kunali nkhondo, chinangwa ndinkangochiyang'ana. Kugona pansi ululu unkachita kuwirikiza, moti ndinkakhala tsonga nditatsamira khoma, dzanja kukhutu, ndikulira kamphuno ngati kagalu. Ndakhalapo ndi dzino lobooka, ndinathyokapo mkono nditagwa pa njinga, koma ululu wa khutu ndi wina. Ulibe pougwira. Uli m'kati mwa iwe, pamalo pamene ngakhale chala chako sichifika.

Chilungamo ndinene: amene anayamba kutchula chipatala ndi amake Tereza omwewo. Anaima pakhomo pathu osalowa, poti anali asakuyankhulana bwino ndi mayi, n'kunena moyang'ana kumbali kuti mwanayu apite naye akamuone.

Mayi anayankha akuyang'ana ine. "Ndikaime pamzere paja, anthu ali mbwee, anesi akandifunse mokuwa kuti mayi inu mumagona ndi mphemvu? Amvano anzanga akamve zimenezo? Ayi. Tiichotsa konkuno."

Anatuma mwana wa aneba kukaitana amalume.

Amalume anabwera ngati dokotala wochokera kunja, manja akuda bii, nyali ya njinga m'thumba, kachitini ka oyilo ka mlomo wautali kali m'manja. Analamula kuti chitseko chitsekedwe ndipo pawindo apachike bulangete, masanasana, kuti m'nyumba mude. Ati mphemvu ikaona kuwala kumodzi kokha imakutsata. Anandigoneka pamiyendo pa mayi, n'kuyatsa nyali pakhutu. Tinadikira. Amalume ankachita kuiitana ndi kamluzu.

"Iyi ndi ya m'tauni, achemwali," anatero atatopa. "Yochenjera. Ya kumudzi bwenzi itatuluka kale."

Kuseri kwa khoma kunamveka mawu: "Ikanipo kausipa pakhutupo, ituluka yokha."

"Mwamva, achimwene?" anatero mayi. "Akudziwa ndi chakudya chake chomwe. Ndiye azikana kuti si yawo."

Ndikanakhala wina ndikanaseka. Koma amalume anali atapendeketsa kale kachitini kaja. Oyilo wa tcheni, wakuda, wozizira, anatsikira m'khutu mwanga, ati aimize. Kenako anatenga nthenga ya nkhuku n'kumapokosa nayo m'katimo kuti amve ngati yafa. Ndinakuwa mpaka agalu a kwa aneba anandiyankha. Amalume anati kukuwako ndi umboni woti mankhwala afika, mphemvu ikuphupha.

Zimenezi zinachitika kangapo, m'mawa asanapite kumtengo wawo wa mango ndi madzulo akaweruka. Ululu sunachepe, unkangokwera.

Ndiye tsiku lina masana ndili khale pakhonde kuothera kadzuwa, ndinamva ngati wina wandibaya ndi sipoko m'kati mwenimweni, kamodzi kokha, kenako zii. Ululu wonse unangochoka ngati wautsanulira pansi. Ndinamva chofunda chikutsetsereka m'khosi mpaka pakolala. Kugwira, mafinya achikasu osakanikira ndi timagazi. Ndinaitana mayi, mayi anaitanitsa amalume, amalume anabwera akuthamanga ndi sipanala m'manja. Anayang'ana pakolala paja, n'kuwomba m'manja.

"Yaphulika! Awa ndi matumbo ake. Munapondapo mphemvu inu? Zimatuluka ndi zomwezi."

Anthu anabwera kudzaona. Ine ndinadya bwino tsiku limenelo koyamba, ndinagona tulo, thupi linazizira. Ndani akanatsutsa amalume? Wodwala wachira, mtembo wa mphemvu ukutuluka pang'onopang'ono anthu akuona. Amalume anayenda mdadada wonse chifuwa patsogolo, ndipo ndikukhulupirira kuti sabata imeneyo ana ena awiri kapena atatu analawa oyilo wa tcheni popanda chifukwa.

Apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa apa khutu langa likanapulumuka akanangolisiya. Koma amalume anati zotsalira za mphemvu ziyenera kutsukidwa, oyilo apitirire. Mayi nawo, poona mafinya pa mwana wawo, ukhondo unawagwira. M'mawa uliwonse ankandipendeketsa mutu pabeseni n'kuthira madzi a sopo m'khutu, kuchukucha, kukhuthula, kuthiranso. Zinkaluma ngati tsabola. Ndipo panachitika chinthu chodabwitsa: akathira kukhutu, ine ndinkamva kukoma kwake kukhosi. Sopo kukhosi, oyilo kukhosi.

"Amalume, oyilo uja ndikumumva kukhosi."

"Bodza. Khutu ndi khosi zinakumana kuti? Wakhala ukunyambita chitini changa iwe."

Anandipatsa khofi pamutu, mbali yomweyo yodwalayo.

Mafinya sanaleke. Anasintha mtundu, anayamba kununkha. Kusukulu ntchentche zinkandiperekeza ngati ndine mfumu yawo, ndipo pabenchi yathu, imene tinkapanikizana ngati matumba pa lole, ine ndinapeza malo okwanira kugona. Anzanga ankagwira mphuno ndikamadutsa. Mayi ankanditsekera kathonje m'khutu ndi kundiuza kuti ndikafunsidwa ndizinena kuti ndi chilonda cha kunja.

Bambo anabwera ku ulendo wawo ali fumbi lokhalokha. Ndinathamanga kukawalandira chikwama, iwo n'kundigwira paphewa, n'kukwinya mphuno.

"Chanunkha n'chiyani?"

Mayi anafotokoza zonse, za mng'alu, za madengu a nsomba, za luso la achimwene awo. Bambo anali munthu wosachuluka mawu. Anamvetsera mpaka kumapeto, anachotsa kathonje kaja, anayang'ana.

"Mphemvu yake yaikulu bwanji yotuluka mpaka lero? Ndi ng'ombe?"

M'mawa mwake tinapita kuchipatala chachikulu m'tauni, bambo patsogolo, ine pakati, mayi pambuyo atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, nkhope ili pansi ngati akupita kukhoti.

Dokotala wake anali bambo wamfupi wa dazi, wotopa ndi mzere. Anapukuta khutu ndi thonje, analowetsa kachitsulo kokhala ndi nyali, anasuzumira nthawi yaitali. Za mphemvu sanafunse n'komwe. Funso lake loyamba linali lakuti, "Mwanayu anali ndi chimfine izi zisanayambe?"

Mayi anadzutsa mutu. Anavomera.

"Nanga zakudazi n'chiyani?"

Bambo anayang'ana mayi. Mayi anayang'ana pansi. Ndinayankha ndine, mokweza, ndi mtima wonse: "Oyilo wa njinga!"

Dokotala anavula magalasi, anapukuta kumaso, n'kutifotokozera. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndikuuzani mmene ndinamvera, a zachipatala akonze pamene ndakhotetsa.

Khutu lili ngati nyumba ya zipinda. Chipinda chakunja ndi ichi timalowetsamo chala. Kumapeto kwake kuli kachikopa kopyapyala kokungika ngati ka ng'oma, kotseka njira yonse, moti ngakhale mphemvu italowadi imathera pomwepo. Kuseri kwa kachikopako kuli kachipinda kena kakang'ono, kokhala mpweya ndi timafupa tonyamula mawu. Kachipinda kameneka khomo lakunja kalibe. Kali ndi kangalande kamodzi kokha, kotsikira kumbuyo kwa mphuno, kukhosi. Kangalande kameneka ndi kamene kamalowetsa mpweya ndi kutulutsa timadzi. Kwa mwana ndi kakafupi, kopapatiza, ndiponso kogona m'malo motsetsereka, ndiye sikachedwa kutseka.

Tsono chimfine chikabwera, m'mphuno mumatupa, kangalande kaja nakonso kamatupa n'kutseka. Aliyense wokhala ku Ndirande akudziwa zimene zimachitika ngalande ikatseka. Madzi amadikha. Kutseka khutu kuja ndi kumeneko, ndipo tchetchetche uja anali madzi, osati miyendo ya chilombo. Tizilombo ta chimfine tochokera m'mphuno, tosaoneka ndi maso, timakwera n'kukapeza madzi ofunda ongokhala, n'kuswana. Madzi amasanduka mafinya. Mafinya amachuluka, kothawira kulibe, ndiye amakankha kachikopa kaja mpaka kutupa ngati chubu chopopa mopitiriza. Ululu ndi kutentha thupi zimachokera pamenepo. Zikapitirira, kachikopa kamabooka, mafinya n'kutuluka, ululu n'kutha. Amene amalume anawatcha matumbo a mphemvu anali mafinya anga, ndipo chimene chinaphulika ndi khutu langa.

"Mukanabwera likungopweteka," anatero dokotala, "tikanamupatsa mankhwala, mwina osabooka n'komwe. Ngakhale litabooka, kabowo kameneka nthawi zambiri kamatseka kokha, bola mukhale mouma. Koma inu mwakhala mukuthira zinthu pabowo, zikulowa m'kati."

Pamenepo ndinakumbukira khofi uja. Oyilo ankalowa pabowo, kudutsa kachipinda, kutsika ndi kangalande mpaka kukhosi. Khutu ndi khosi zinakumana kalekale, amalume asanabadwe.

Mayi anafunsa funso limodzi lokha, ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Ndiye kuti si uve, adokotala?"

"Uve wa chiyani, mayi? Ndi chimfine. Ana a m'nyumba zapamwamba ku mayadi amabwera nalo vuto lomweli."

Basi. Palibe anawakalipira. Palibe anakuwa pamzere. Manyazi amene anawaopa mpaka kundisunga pakhomo nthawi yonse ija kunalibeko n'komwe. Titafika kunyumba, mayi anakalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Amake Tereza, amene khoma silinkawabisira kanthu, tsiku limenelo sanaponye mawu. Madzulo anatumiza Tereza ndi kambale ka nsomba, mayi analandira.

Ndinabayidwa majekiseni mpaka kukhala pansi kunali kovuta, ndinamwa mapiritsi, anandiletsa kusambira. Mafinya anauma. Koma kabowo kaja sikanatsekenso, ndipo timafupa ta m'kati tinali titaonongeka. Kuyambira pamenepo khutu lakumanzere limangomva ngati wailesi ya aneba. M'kalasi aphunzitsi akatembenukira kubolodi mawu awo ankandithawa. Sindinganamizire khutu lokha kuti ndilo linanditulutsa sukulu, mpira nawo unathandizapo, koma linachita mbali yake.

Amalume? Bambo atawauza zimene ananena dokotala, anangopukusa mutu n'kupitiriza kumanga sipoko.

"Madokotalawa anaphunzira za Azungu. Mphemvu za ku Ndirande sazidziwa."

Anamwalira ali nkhalamba akukhulupirirabe kuti anandipulumutsa, ndipo pa ukwati wanga anaimirira n'kuuza anthu choncho. Ndinawaika m'manda mwaulemu, ndinalira monga mwa mwambo, koma nkhani ya oyiloyi sindinawakhululukire ndipo sindikuona chifukwa choyambira lero.

Chimene chimandinyansa n'chakuti a Waisoni sanathe. Ali ponseponse, ena avala mataye. Mwana angogwira khutu n'kulira, mumva wina akuti thiranimo mafuta ophikira, wina akuti madzi a masamba akutiakuti, wina mkaka wa m'mawere, wina mafuta a mabuleki a galimoto. Onse amayang'ana pakhomo lakunja, pamene matenda alowera kukhomo lakumbuyo, kumphuno. Ndipo mafinya akatuluka mwana n'kusiya kulira, amati wachira, osadziwa kuti pamenepo ndiye pofunika kuthamanga naye, khutu lili louma, osathiramo kalikonse kamene sanakupatseni kuchipatala. Ine ndikamva zotere mu minibasi ndimalowerera ngakhale sindikuwadziwa, ndipo akandinyoza ndimawalozetsa khutu lakumanzere kuti atukwanire kumeneko.

Ndakalamba tsopano, ndipo ndikuganiza kuti ndamvetsa chimene chinachitika pa mdadada paja. Akuluakulu sakonda matenda opanda mwini. Chimfine sungachiloze chala, sichichokera m'dengu la munthu, sungakangane nacho pa chingwe cha zovala. Mphemvu ili ndi miyendo, ili ndi kwawo, ili ndi woimbidwa mlandu. Anasankha mphemvu chifukwa inkawapatsa chochita ndi wokangana naye. Mwana yekhayo amene ankamva zimene zikuchitika m'katimo, amene ananena za oyilo kukhosi, anapatsidwa khofi. Ndamvetsanso kuti manyazi a kholo amalipiridwa ndi thupi la mwana, ndipo mwanayo safunsidwa.

Mayi sanapepese ndi pakamwa. Anthu a nthawi imeneyo sankapepesa kwa ana. Nkhani ya mphemvu sinatchulidwenso m'nyumba mwathu mpaka imfa yawo. Koma kuyambira tsiku la kuchipatala lija, sanandiyankhulepo ali kumanzere kwanga. Kaya tili panjira, kaya m'tchalitchi, kaya ndili bambo wa ana anga iwo akuyendera ndodo, ankayamba azungulira kaye, pang'onopang'ono, mpaka afike kudzanja langa lamanja, ndiye n'kuyamba kunena zimene abwerera. Akazi anga ankadabwa kuti agogo amazunguliranji munthu ngati akuyendera munda. Ine sindinawauze. Ndinkangoima n'kudikira kuti mayi amalize ulendo wawo.